Mfuti Imene Mwana Wanga Anandisankhira

1

Ku Estanzuela mukafunsa za Odilia wogulitsa tchizi, sakulozerani msanga kunyumba kwanga. Amayamba akuyang'anani, kenako n'kutsitsa mawu: "Mukunena mayi uja anawombera mwana wake?" Eya, ndine. Dzina limeneli ndalisenza zaka zitatu, ndipo palibe anandisenzetsa. Ndinalitola ndekha.

Zinayamba Lachitatu lina masana, dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo, pamene ndinalowa m'sitolo ya mfuti m'tauni ya Zacapa. Mwana wanga Maynor, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa, ankagwira ntchito mmenemo. Atandiona anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Mama! Mwasochera? Sitolo ya nsalu ili kutsidya uko."

"Usandiseke iwe. Ndabwera kudzagula mfuti."

"Inuyo? Inu amene mumathawira kukhitchini Papa akamapukuta yawo ija?"

"Anthu amasintha, mwanangu."

Kuseka kuja kunazilala. Ankadziwa zimene zinatichitikira miyezi iwiri m'mbuyomo, tikuchokera kumsika wa ku Chiquimula. Anyamata awiri a pa njinga yamoto anatipeza titachepetsa liwiro pa hampu. Wina anandiika mfuti pakhutu n'kundivula mphete ya ukwati. Mwamuna wanga Baudilio anali pambali panga, chimfuti chake chili m'chiuno, koma sanachikhudze n'komwe.

Maynor anayala kansalu patebulo n'kuikapo mfuti zitatu zing'onozing'ono.

"Tiyambe ndi dzanja. Gwirani iyi."

Ndinagwira. Inali kanthu kakang'ono kotha kubisika m'chikhatho.

"Anthu amathamangira kameneko poganiza kuti kakachepa n'kosavuta," anatero. "Koma kamadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Muwomba kawiri, n'kukataya m'kabati. Yesani yapakatiyi."

Yapakatiyo inandikhala bwino ngati anaumbira dzanja langa. Chala chinafika pofunika kufika popanda kudzikoka. Maynor anagwedeza mutu mosangalala.

"Ndi imeneyo basi. Ndipo musamaiike m'chikwama, chifukwa chikwama ndicho wakuba amayamba kulanda. Izikhala m'chiuno, mkati mwa siketi, bulauzi n'kuphimba. Ngakhale abambo a kutchalitchi sadzadziwa."

Ine ndinaika pansi, n'kunyamula yachitatu.

"Ndikufuna iyi."

"Iyo yakukulirani pang'ono, Mama. Onani chala chanu chikuchita kunyanyamphira."

"Ndi imene mtima wanga wakonda. Ndipo undiikire kagalasi kaja pamwamba, ka kadontho kofiira."

Anandiyang'ana modabwa. "Zimenezo mwazimva kuti?"

"Pafoni. Ukuganiza kuti foni ndi ya achinyamata okha?"

Anatenga ina imene inali nako kale kagalasiko n'kundionetsa. Anati mfuti wamba imafuna diso lakuthwa, lotha kulunzanitsa titsulo tiwiri ta pamwamba pake ndi chinthu chimene ukuloza. Koma ndi kagalasi, umangoyang'ana kutsogolo, kadontho n'kukhala pomwe chipolopolo chikagwere.

"Kamathandiza kwambiri anthu amene maso ayamba kutopa," anatero. "Koma inu Mama mumalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi."

"Kamawala mpaka pati?"

Anadina kabatani kangapo, kadonthoko n'kuyaka ngati khala.

"Undiikire kameneko."

Akulemba mapepala, anaima n'kundigwira dzanja. "Mama, chinthu chimodzi. Kadonthoka kamangokuuzani kumene chipolopolo chipite. Sikakuuzani kuti amene waima kutsogoloyo ndi ndani. Imeneyo ndi ntchito ya maso anu."

"Ndamva, mwanangu," ndinatero, ndikuyang'ana pansi.

2

Mapepala a boma anatenga nthawi yake. Podikira chiphaso, Loweruka lililonse Maynor ankanditengera kumalo ophunzirira kuwombera. Ankaima kumbuyo kwanga, kundiwongola mapewa, kundikalipira ngati mwana wasukulu.

"Musatsinzine, Mama! Mukuwombera kapena mukupemphera?"

Tikamaliza tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kumadya chinangwa chophika ndi nyama ya nkhumba yokazinga, mafuta ali chuchuchu m'zala. Chibadwire chake sindinachezepo naye ngati masabata amenewo. Ndi pansi pa mtengo womwewo pomwe anandinong'oneza kuti mkazi wake Glendy ndi woyembekezera.

"Musawauze kaye Papa. Ndikufuna ndiwauze ndekha, ndione nkhope yawo."

Baudilio Aldana anali mwamuna wodziwika. Pa unyamata wake ankathyola khosi la botolo ndi chipolopolo ataima patali, anthu n'kumawomba m'manja. Kwathu kuno mwamuna amadziwika ndi chipewa, ng'ombe ndi chimene chili m'chiuno mwake, ndipo iye zonsezi anali nazo. Koma matenda a shuga anali atamulowa. Chaka chimenecho galimoto ndinkayendetsa ndine, anthu tinkawauza kuti miyendo ikumuvuta. Ndipo chichitikire za pa hampu zija, ankadziwa kuti amuna anzake akumunena kuti Don Baudilio anazizira mkazi wake akuvulidwa mphete.

Tsiku limene mfuti inabwera kunyumba, Maynor ndi Glendy anadzadya nafe chakudya chamasana. Maynor anaitulutsa m'bokosi, n'kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, kenako anaipereka kwa bambo ake.

"Papa, tayang'anani m'kagalasimo. Mudzataya chimfuti chanu chakalecho."

Baudilio sanatambasule n'dzanja lomwe. Anapitiriza kukokolola nyemba ndi tortilla, kamkate kathu kopyapyala ka chimanga.

"Zidole za ana. Chitsulo changa chandisunga zaka makumi atatu popanda tochi pamwamba."

"Ingoyesani, Papa."

"Ndati ayi. Wagulitsa kwa amayi ako, zathera pomwepo."

Maynor anaibweza m'bokosi mwakachetechete. Glendy anandiyang'ana, ine n'kunyamuka kukatenga khofi amene palibe anamupempha.

3

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinauza apolisi, mawu ake omwewo.

Linali Lachisanu m'mawa, cha m'ma naini. Tinali pa ulendo wopita ku Chiquimula ndi tchizi wathu. Tsiku limenelo mutu unkandipweteka, choncho amene ankayendetsa anali Baudilio. Ine ndinakhala mpando wa kumanja, poti kwathu kuno chiwongolero chimakhala kumanzere, zenera lili lotsegula. Titafika pa hampu yomwe ija tinachepetsa liwiro. Njinga yamoto inatulukira mbali yanga. Wokwerapo anali atavala chisoti chotseka kumaso. Anapisa dzanja m'jekete. Ndinachita mantha, ndinasolola mfuti, ndinawomba kamodzi.

Njingayo inagwera m'ngalande. Amayi ogulitsa mavwende m'mbali mwa msewu anathamanga akukuwa. Atafika anandipeza nditagwada pafumbi, mutu wa mwana wanga uli pamiyendo panga, mfuti ili m'dzanja langa.

M'jekete lake munali kachikwama ka jakisoni wa shuga. Maynor anadzera kunyumba kwathu m'mawa umenewo, n'kupeza kuti bambo ake aiwala mankhwala patebulo. Anaimba foni, sitinayankhe. Ndiye anatithamangira.

4

Chipolopolo chinalowa pansi pa phewa n'kukaima pa fupa la msana. Anamutengera kuchipatala cha ku likulu. Madokotala anati moyo apulumutsa, koma miyendo aiwale.

Glendy anandipeza pakhonde la chipatala, mimba yake itayamba kuoneka. Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Doña Odilia, ndi manja ake anakuphunzitsani. Ankabwera kunyumba akunyadira kuti amayi anga ndi katswiri. Mwana ali m'mimbayu bambo ake sadzamunyamula paphewa. Mwakhutira?"

"Glendy, mwanangu..."

"Musanditchule mwana wanu. Ana anu mumawawombera."



Kumsika makasitomala anayamba kundilambalala. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala yopanda munthu mbali zonse. Azilamu anga ankabwera kudzapepesa Baudilio, n'kumanena ine ndikumva kuti mfuti m'manja mwa mkazi ndi tsoka. Iye ankangokhala pakhonde, chipewa chili pamaondo.

Ulendo uliwonse wopita kuchipatala ankakwera nane. Koma tikafika pachipata ankakana kutsika.

"Pita wekha, Dilia. Ine ndidikira muno."

"Mdala, mwana wanu akukufunsani."

"Ndati pita."

Kukhoti nkhani sinatalike. Ndinavomera ndekha, mfuti inali m'dzina langa, ndipo Maynor anatumiza mawu akuti inali ngozi, sakundiimba mlandu. Anandilanda chiphaso, n'kundipatsa chilango chogwirira kunja. Anthu anati ndachita mwayi.

5

Patatha milungu isanu, Maynor anauza Glendy kuti akagule madzi, n'kundiitana kuti ndikhale pafupi. Anali ataonda, ndevu zitamera, koma maso ake anali akuthwa ngati kale.

"Tsekani chitseko, Mama."

Ndinatseka.

"Tsiku lija munkayendetsa ndinu."

"Mwanangu, mankhwala akukusokoneza..."

"Musandinamizenso. Ndinakuonani pa chiwongolero ndisanakupezeni n'komwe, mpango wanu wachikasu uli kumutu. N'chifukwa chake ndinadzera kumanja, kuti ndiwapatse Papa mankhwala awo pazenera. Galasi la chisoti ndinali nditakweza. Ndinali pafupi ngati pomwe pali bedi ili ndi khomalo. Njinga yofiira imene Papa anandigulira okha. Anandiyang'ana kumaso, Mama, ine ndikuwasekerera. Sindinaganize zodzitchula dzina. Kodi munthu amadzitchula dzina kwa bambo ake?"

Misozi inayamba kugwera pamanja panga.

"Milungu yonseyi ndagona pano ndikudzifunsa kuti bambo anga ndinawalakwira chiyani. Kenako ndinakumbukira dzanja lanu patebulo paja. Yokukwanani munaikana. Munafunsa za kuwala kwa kadontho. Ndiuzeni, maso awo anayamba liti?"

"Chaka chatha," ndinanong'ona.

6

Choonadi ndi ichi, ndipo aka n'koyamba kuchilemba.

Chaka chimodzi ngoziyi isanachitike, ndinaperekeza Baudilio kwa dokotala wa maso ku likulu, anthu titawauza kuti tikukaona zida za mkaka. Dokotala anati shuga wadya maso onse awiri, ndipo tachedwa. Baudilio ankangoona kuwala, mithunzi, chinthu chikamayenda. Nkhope za anthu zinali ngati utsi. Ine ankandizindikira ndi mawu.

Titatuluka anandigwira mkono mwamphamvu mpaka kundipweteka.

"Ulumbire, Dilia. Asadziwe munthu. Ngakhale Maynor. Akangodziwa kuti Baudilio Aldana saona, mawa lomwe ng'ombe zatha m'khola, ndipo ana azindiseka pamsewu. Kuli bwino undikwirire."

Ndinalumbira. Ndinasanduka maso ake. Tikamayenda ndinkamunong'oneza kuti, "Akubwerayo ndi mlamu wanu, vulani chipewa." Palibe anazindikira.

Tsiku la achifwamba lija sanasolole mfuti chifukwa sankadziwa kuti wakuba ndi uti, mkazi wake ndi uti. Manyazi ake anamudwalitsa kuposa shuga. Anasiya kudya. Kenako anamva amuna ena akukamba za kagalasi ka kadontho kofiira. Iye sakanapita kwa Maynor, chifukwa mwanayo akanamuimika kutsogolo kwa chandamale n'kuzindikira pa mphindi imodzi.

"Upite iweyo," anandipempha. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati wathu anali asanandipemphepo kanthu ndi mawu ofewa chotero. "Unene kuti ndi yako."

Mfuti itabwera, tinapita kuseri kwa khola, ine n'kuimika chigubu choyera cha mkaka. Anakweza mfuti, n'kuyang'ana m'kagalasimo. Kenako anafuula ngati kamwana.

"Ndikukaona, Dilia! Kadontho ndikukaona!"

Anawomba katatu, chigubu chinabooka katatu. Analira, nanenso ndinalira. Madzulo ake anadya mbale ziwiri. Ndinadziuza kuti ndamubwezera mwamuna wanga moyo.

Tinagwirizana kuti pamsewu ndikaona njinga yamoto pagalasi loonera kumbuyo, ndizimuchenjeza. Lachisanu lija mafoni athu anali m'chikwama kumbuyo. Tikuyandikira hampu ndinaona kanthu kakuthamanga m'fumbi, ndipo ndinanena monga mwa masiku onse: "Mdala, njinga ikubwera kumanja kwanu." Ndinamva akusolola mfuti. Nditayang'ananso pagalasi ndinaona kufiira kwa njingayo, ndinaizindikira. Ndinatsegula pakamwa. Dzina la mwana wanga linali lisanathe kutuluka pamene mfuti inalira.

Mawu oyamba amene Baudilio ananena anali akuti, "Ndamupeza?"

Ndinatsika n'kuthamangira kungalande. Iye anabwera akupapasa galimoto, n'kugwada, n'kupapasa nkhope ija ndi zala. Kulira kumene analira sindinakumveponso kwa munthu. Mfuti inagwera pafumbi. Amayi a mavwende atafika, wina anafunsa kuti, "Wawomba ndani?" Ndinaitola n'kunena kuti, "Ndine."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkateteza mwamuna wanga kundende, kapena ndinkateteza bodza langa.

Maynor anamvetsera zonsezi akuyang'ana kudenga. Nditamaliza anapuma mozama.

"Mukanandiuza tsiku lija m'sitolo, Lachisanu lililonse bwenzi ndikukuperekezani ndine. Mfuti zonse m'nyumba muja ndikanazichotsa, Papa akanandikwiyira mwezi umodzi, n'kuiwala. Koma inu munabwera kudzabwereka manja anga kuti ndisankhe ndekha chimene chandigoneka apa. Loweruka lililonse munkadya nane, kuseka nane, muli ndi zimenezi mumtima."

"Ndinalumbira, mwanangu."

"Munalumbira kwa iwo. Ine ndinali ndani?"

Chitseko chinagogodwa. Anali Glendy.

"Sindiuza munthu," anatero Maynor mofulumira, "ngakhale mkazi wanga. Bodzali ndi lanu, mulisenze nokha. Koma muwauze Papa kuti abwere adzandiuze ndi pakamwa pawo. Akadzabwera, nanunso mudzabwere. Asanabwere, musadzapondenso pomwe ndili."

7

Uthengawo ndinaufikitsa m'galimoto, pachipata pomwepo. Baudilio anagwira chitseko, n'kutsitsa mwendo umodzi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anaubweza.

"Ndikamuuza chiyani, Dilia? Ndikayambira pati?"

"Mukangoti pepa, mdala."

"Mawa. Tidzabwere mawa."

Mawa limenelo linatenga zaka zitatu. Maynor atatuluka m'chipatala anakhazikika ku likulu, kwa makolo a Glendy. Kunabadwa mwana wamkazi, Sucely. Ndinamva kwa anthu. Baudilio maso anatheratu, anthu n'kumati chisoni cha zimene mkazi wake anachita ndicho chamuchititsa khungu. Kangapo anandiuza kuti ndimuchapire malaya oyera, tipita Lamlungu. Lamlungu likafika ankati thupi silili bwino.

Mwezi watha impso zake zinaleka kugwira ntchito. Tinamuika m'manda Lachiwiri.

Tili pafupi kunyamula bokosi kunyumba, panja panaima galimoto. Glendy anatsitsa mpando wamatayala. Anthu anapatuka okha. Maynor anadziyendetsa mpaka pabokosi, osayang'ana kumanja kapena kumanzere, n'kupempha kuti atsegule. Anayang'ana nkhope ya bambo ake kwa nthawi yaitali. Kenako anawerama, n'kunena ndi mawu oti tonse tinamva:

"Papa, ndine Maynor."

Anthu anaganiza kuti ndi chisoni chabe. Ine ndekha ndinadziwa chifukwa chimene anadzitchulira dzina.

Titabwera kumanda ndinamukokera Glendy kukhitchini n'kumuuza zonse, kuyambira kwa dokotala wa maso. Amene ndinamulumbirira anali atagona, ndipo ndinali nditatopa. Anamvetsera manja ali pachifuwa. Ndinkayembekezera kuti mwina andikumbatira.

"Ndiye kuti zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikudana nanu pa chifukwa cholakwika," anatero pang'onopang'ono. "Zikomo, Doña Odilia. Lero mwandipatsa cholondola."

Ananyamuka dzuwa lisanapendeke. Maynor anandilola kumupsompsona pamphumi, basi. Galimoto ikutembenuka, kamtsikana ka tsitsi lopotana kanatulutsa dzanja pazenera n'kundibayibitsa, monga ana amachitira ndi munthu aliyense woima pamsewu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukufuna kudziwa ngati ndikupempha kuti mundikhululukire. Ayi. Amene angandikhululukire ndi mmodzi, ndipo ali ndi ufulu wokana. Ndinkamukonda mwamuna wanga, ndipo ndinganame nditati ndasiya. Koma ndinkaganiza kuti kukonda munthu ndi kumubisira chilichonse chimene akuchita nacho manyazi. Ndinaopa kumuona akulira mwezi umodzi, ndipo mantha angawo analipira ndi mwana amene sanafunsidwe n'komwe.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene wakugwirani mkono n'kukuuzani kuti mulumbire, dzifunseni kaye kuti chinsinsicho chikadzaphulika chidzagwera ndani. Musadikire Lamlungu. Ine nyumba ndasesa, chipinda cha Maynor ndakulitsa khomo kuti mpando wake uzitha kulowa, ndipo masitepe a pakhonde ndinawagumula. Amisiri anandifunsa kuti mwini chipindacho abwera liti. Ndinawauza kuti sindikudziwa.